Sitima ya M'chisakasa cha Lufeyo

Inu amene mumati chidole ndi chidole basi, sendezani mipando kuno mumve. Ku Bilila, kutsidya kwa njanji, kunali mkulu wina dzina lake Lufeyo, mfunda wake Ngondo. Munthu wosamwa, wosasuta, wopanda mlandu ndi aliyense. Matenda ake anali amodzi okha: sitima.

Moyo wake wonse anagwira ntchito ya panjanji, kumanga mabawuti ndi kupalasa miyala. Atapuma ntchito, m'malo mokakhala pa bawo ngati amuna anzake, anadzitsekera m'chisakasa cha bango kuseri kwa nyumba n'kuyamba kudula zitini. Anapanga mutu wa sitima wotalika ngati mkono wa munthu, ndi mabogi awiri okweramo anthu, a mawindo enieni. Njanji yake anaikhoma pa matabwa. Inkayambira pamwamba pa mgolo, n'kutsika mtsetse, n'kuyenda pansi mpaka kukhoma, kumene anaumba kachulu ka dothi kokhala ndi mphanga yoti sitima izilowamo. Anthu ankamuseka kuti akukalamba chobwerera, koma Lamulungu likafika omwewo ankadzaza pakhomo la chisakasa, ndevu zili pepeya, kukanganirana malo oonera.

Mtima wa sitimayo unali kamota kamene anachotsa mu wailesi yakale ya kaseti. Kuchokera ku motayo kunali mawaya awiri aatali amene ankawagwira m'manja, ndipo mabatire ankawasanja m'nsungwi. Apa ndiye pamene Lufeyo ankadzitamira. Sitima yake inalibe buleki ya mphira ngati ya njinga. Mota yomweyo ndiyo inkakoka, yomweyonso ndiyo inkagwira. Akagunditsa mawaya ku mabatire, sitima inkathamanga. Akawachotsa n'kuwagunditsa okhaokha, sitima yotsika mtsetse inkangoti lefu, ngati yaponda m'matope. Womufunsa ankadzimvera yekha chisoni, chifukwa mkuluyo akayamba kufotokoza sankamaliza msanga. Ankati mota ukaipatsa magetsi imazungulira, koma ukaizunguza ndiwe imabala magetsi yokha ngati dayinamo ya njinga, ndipo mawaya akagundana magetsiwo amasowa kopita, n'kubwerera kukalimbana ndi mota yomwe yawabala. Kuti anthu akhulupirire, anaika kababu ka tochi kutsogolo. Popanda batire ngakhale limodzi, munthu akaikankha sitimayo ndi dzanja, kababuko kankayaka.

Mkazi wake Esinta anali telala wa pakhonde, koma chaka chimenecho makina ake anali atayamba kugwira fumbi. Chotupa chinamera m'mimba mwake, ndipo kuchipatala atamuyeza anamubweza ndi mapiritsi opha ululu, n'kumuuza mwamuna wake pambali kuti azingomusamalira kunyumba. Lufeyo mawu amenewo anawalavula. Mkazi ameneyu anamukwatira onse akadali ndi mano onse m'kamwa, ana anakula n'kupita kutauni, ndipo nyumba yopanda Esinta iye sankatha n'komwe kuiganiza. Mng'ono wa Esinta, Velina, ndiye anabwera kudzadwazika.

Tsono cholakwa chinali apa. Sitima yopanda okwera inkamunyansa Lufeyo, ndiye anatenga mapegi oyanikira zovala n'kuwaveka tizigamba totola pansi pa makina. Esinta anali atamuletsa kalekale. Ankati zotsala za nsalu yatsopano azitenga, koma kachigamba kochoka pa chovala chimene munthu wachivalapo, chamwa thukuta lake, telala weniweni amakabweza kwa mwini wake kapena kukatentha. Lufeyo ankati zimenezo n'zikhulupiriro za azimayi. Tianthu tambiri ta mapegi anativeka zatsopano ndithu, koma tiwiri ayi. Kena anakaveka kachigamba ka malaya a a Dzonzi, mnansi wawo wogulitsa mbuzi, amene anabweretsa malayawo kuti awatembenuze kolala. Kenako anakakulunga kansalu kong'amba pa chitenje chakale cha Esinta mwini, n'kukamata ndi guluu pampando wa pawindo. Anapita nayo bogiyo kuchipinda kuti wodwala asekeko. Esinta sanaseke. Anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kutembenukira kukhoma.

Zinayamba ndi zazing'ono. M'mawa wina Lufeyo anapeza sitima ili pakati pa mtsetse, chonsecho dzulo lake anaisiya pamwamba pa mgolo, mabatire ali m'tochi kuchipinda. Anatukwana makoswe n'kuibweza. Mawa lake, chimodzimodzi. Velina, potaya madzi otsukira mbale chisisira, anaona kuwala kwachikasu kukuyenda pang'onopang'ono m'mipata ya bango, n'kumayesa kuti mlamu wake ali momwemo ndi zidole zake. Polowa m'nyumba anamupeza ali phee pambali pa wodwala, akumukupiza ndi katoni. Atamuuza, Lufeyo anati n'ziphaniphani. Velina sanatsutse, koma kuyambira tsiku limenelo mbale ankatsuka dzuwa likadalipo.

Tsiku lina dzuwa likupendeka, mayi wina wachilendo anaima pa mpanda, kamtolo pamutu, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Moni sanapereke. Anangofunsa Lufeyo ngati okwera akwana. Lufeyo anamuuza kuti wasochera, siteshoni ili uko, n'kuloza ndi dzanja. Mayiyo sanayang'ane kumene ankalozako. Maso ake anali pa chisakasa. Lufeyo anatembenuka kuitana Velina kuti abweretse madzi a mlendo, ndipo pocheukanso, pa mpanda panalibe munthu. Msewu wa pamenepo ndi woongoka, munthu umamuona mpaka kumjigo.

Koma chimene chinamuthetsa mankhalu chinachitika masana enieni, dzuwa lili paliwombo. Anali m'chisakasa akuwongola waya pamene anamva kulira kwa mota, kuja kokhala ngati kwa udzudzu. Sitima inali itatsika kale mtsetse, ili pamalo athyathyathya pamene chinthu sichiyenda chokha, koma inkayenda. Nsungwi ya mabatire inali pakhoma, yopanda kanthu. Kababu kanali kuyaka. Lufeyo anangoti kukamwa yasa, waya n'kupulumuka m'manja. Iye kuposa wina aliyense ankadziwa tanthauzo la kuwala kumeneko: wina ankakankha. Anayang'ana kumbuyo kwa bogi yotsiriza, ndipo chitini cha pamenepo chinali chitalowa m'kati pang'ono, monga chimachitira ukachisindikiza ndi dzanja. Sitima inalowa m'mphanga, kuwala n'kuzima.

Atalimba mtima anaikoka. Tianthu tonse tinalimo kupatula ka malaya a a Dzonzi. Pampando pake panatsala guluu yekha. Anapisa mkono m'mphanga mpaka paphewa, osapeza kanthu, koma m'katimo munali mozizira ngati m'mtsuko, mwezi wotentha wa Okutobala umenewo. Asanautulutse n'komwe mkonowo, kwa a Dzonzi kunabuka kulira. Mkuluyo anali atagwa m'khola la mbuzi zake, chingwe chili m'manja.

Pa maliro Lufeyo sanadye, sanaimbe. Anthu ankati n'chisoni cha chinansi. Pobwera kumanda anathamangira kuchisakasa, chimene anachisiya chokhoma ndi loko. Sitima inali itabwerera pamwamba pa mgolo, mutu utaloza kumunsi, ndipo ali chiyang'anire kababu kaja kanaphethira, magudumu n'kusuntha.

Abale inu, munthu akachita mantha nzeru zimathawira kumapazi. Anatola pulaya kuti azule kamunthu ka chitenje kaja. Atangokapana n'kukoka, Esinta anakuwa m'nyumba mkuwo umene unabalalitsa nkhuku pabwalo. Anasiya. Ananyamula sitima yonse kuichotsa panjanji, ndipo Velina anatuluka akufuula kuti achemwali akomoka, maso atembenuka. Anaibwezera, wodwala n'kutsitsimuka. Anaika njerwa kutsogolo kwake. Sitima itangoigunda, Esinta anayamba kubanika, akudzikanda pachifuwa kuti wina wamusanjika mwala. Apo ndiye Velina, pothamangira kudzaitana mlamu wake, anaima pakhomo la chisakasa. Anayang'ana njerwa, anayang'ana sitima ikulimbana nayo, anayang'ana kansalu ka pawindo kamene anakazindikira bwino lomwe, n'kugwira pakamwa.

"Alamu, mwachita chiyani?"

Lufeyo chinamutsalira chinali chimodzi. Anagwira mawaya awiri a mota n'kuwapota pamodzi, njerwa n'kuikankhira kumbali ndi phazi. Kababu kanazima, sitima inalefuka, ndipo m'nyumba munangoti zii. Velina atabwerera kukaona, anapeza mkulu wake akupuma bwinobwino.

Koma buleki ya mtundu umenewu ili ndi khalidwe lake, ndipo Lufeyo ankalidziwa. Imagwira chinthu chimene chikuyenda, ndipo liwiro likachepa nayonso imafooka. Imachedwetsa, siimitsa. Akalemba chizindikiro cha khala pa thabwa, pakapita kanthawi ankapeza magudumu achipitirira. Ndiponso mphamvu ya wokankhayo sitayika chabe, imasanduka moto m'kati mwa mota. Pofika madzulo kamota kanali kosagwirika, kakununkha ngati tsitsi lopsa, ndipo m'nyumba thupi la Esinta linali ng'anjo. Velina ankanyika nsalu m'madzi, kuiyala pamphumi, n'kuuma iye asanatembenuke.

Velina anakaitana mkulu wa mpingo. Mkuluyo anapemphera m'nyumba mwamphamvu ndithu, mpaka thukuta. Koma atamulowetsa m'chisakasa n'kuona magudumu akusuntha okha, pemphero linathera pakati, anatuluka chothawa, ndipo chipewa chake anachita kumutumizira. Nkhani inawanda. Amene ankakanganirana pakhomo Lamulungu aja anayamba kulambalala, kudzera kumunda, akunong'onezana kuti sitima ya Lufeyo ikunyamula anthu. Amayi ena anabwera kudzatenga zovala zawo zosasokedwa, osalowa n'komwe pabwalo. Lufeyo zimenezo analibe nazo ntchito. Bola Esinta akupuma.

Anayesanso china. Anagula mabatire atsopano, n'kusinthanitsa mawaya kuti mota ikokere m'mbuyo. Sitima inalira, inanjenjemera, n'kuyamba kukwera mtsetse chambuyo. Tsiku limenelo Esinta anadzuka, anakhala tsonga, anamwa phala. Lufeyo analowa m'chipinda akuvina, munthu wa imvi zake. Koma mkazi wake anamuyang'ana ndi maso amene sanamuyang'anepo nawo, misozi ikugwera m'kapu. Mabatire oti akanatha mwezi anafa dzuwa lisanalowe, otentha ngati mbatata yootcha, ndipo sitima inatsika liwiro mpaka kupitirira pamene inali. Akanachedwa kugunditsa mawaya, bwenzi nkhani itathera pomwepo.

Kenaka mawayawo anayamba kumasuka okha. Akawapota ndi pulaya n'kupita kukamwa madzi, pobwera ankapeza atatambasuka bwinobwino, osaduka, osapindika, kababu kakuyaka. Ndiye anasiya kuchoka. Anakhala pansi, mawaya atawapana ndi zala, n'kumakhwekhwereza matako sitima ikasuntha. Zala zinatuluka matuza, matuza anaphulika. Velina ankabweretsa chakudya n'kukachitenga chitazizira, akulalata kuti sanaonepo mwamuna wotere, mkazi akutha m'nyumba iye ali kakaka ndi mawaya. Ankati wodwala akumufunsa. Lufeyo ankangoti, kamuuzeni kuti ndamugwira.

Kukakhala bata, ankamva kupuma pafupi ndi thabwa, kupuma kwa munthu wotopa amene akukankha wilibala pamtunda. Ukali wake unkaposa mantha. Poyamba ankachonderera. Ankati chilichonse chimene chikufuna atenge, mbuzi, nyumba, ngakhale iye mwini, bola asiye mkaziyo. Poona kuti palibe yankho anayamba kutukwana. Anachitcha mfiti, galu, chinthu chopanda kwawo. Analumbira kuti zala zidukire pomwepo koma sasiya. Akatukwana choncho kupuma kuja kunkaleka pang'ono, kenaka n'kuyambiranso, ndipo nthawi ina anamva ngati chikusisima. Mtima wake unakondwa. Anati eya, nawenso chikupweteke.

Mtsetse unatha, sitima inafika pathyathyathya. Thabwa lina linatha, n'kuyamba lomaliza. M'nyumba Esinta anasiya kudya, anasiya kugona, ankangobuula, ndipo kubuulako kunkamveka mpaka kumsewu. Velina anaonda ngati ndiye wodwala.

M'mawa wina kutangoyera, mutu wa sitima unali utafika pakamwa pa mphanga. Velina anabwera, koma ulendo uno sanalalate. Anaima pakhomo manja ali kumbuyo.

"Alamu, akukuitanani. Akuti mukapanda kubwera panopa, musadzabwerenso."

Lufeyo anayang'ana mphanga, anayang'ana mlamu wake. Anatenga pulaya, anapota mawaya mpaka kuchita mfundo, n'kudzuka. Miyendo inali itafa dzanzi, anadutsa pabwalo akudzandira ngati woledzera.

Esinta anali atatha, mafupa okhaokha, milomo yong'aluka. Koma maso anali ake. Anauza Velina kuti apite akatenthetse madzi. Atatsala awiri, anatulutsa dzanja lamanja m'bulangete n'kulitambasula pamaso pa mwamuna wake. Chikhatho chonse chinali zilonda, ndipo pakati pake panadindika mzere woongoka ndi timakona tiwiri. Lufeyo anachidziwa chidindocho, pajatu chitinicho anachidula yekha. Kunali kumbuyo kwa bogi yotsiriza. Nsonga za zala zinali zobayikabayika ndi waya.

"A Ngondo, mwanditukwana mokwanira," anatero Esinta. "Zaka zonsezi simunanditchulepo galu."

Lufeyo anagwada pambali pake. Anayang'anitsitsa chikhathocho. Potsiriza mawu anatuluka ngati a mwana.

"Ndinu?"

"Nanga mumayesa ndani? Aliyense amakankha yekha. A Dzonzi anakankha, palibe anawagwira, anafika. Ine ndikangotseka maso ndili panjanji, ndikukankha, inu mwagwira. Ndikamasula, mwamanganso. Moto umene mukuumva m'zala zanuzo, ine uli thupi lonse."

Lufeyo analira, kulira kwenikweni kwa mamina. Anati sankadziwa. Anati akanadziwa sakanatukwana. Kenaka anati koma iye sangakhale yekha m'nyumba muno, sadziwa ngakhale pamene pamakhala mchere. Esinta anati zimenezo akuzidziwa, n'chifukwa chake anakhala chete masiku onsewa, poyesa kuti mwina mwamunayo atopa yekha, n'kuiwala kuti anakwatiwa ndi munthu wa mutu wouma. Anati wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, koma chitseko chake wina wachitsamira kunja.

Esinta anatseka maso. Lufeyo anayesa kuti wagona.

"Mphamvu zokankhira zandithera," anatero osatsegula maso. "Ndafika pakhomo penipeni, koma sindingathenso. Ndikatsala pamenepa, sindili kuno, sindili uko. Tengani mabatire a m'tochimo. Mundiperekeze."

Lufeyo anapukusa mutu. Anagwira dzanja la zilonda lija n'kuliika patsaya pake, akupukusabe mutu. Esinta sanabwereze. Anangobuula, kubuula kuja kwa masiku onse, ndipo ulendo uno Lufeyo anakumva ali pafupi, osati kudzera m'bango.

Anatenga tochi. Pabwalo anakumana ndi Velina atanyamula nkhuni, ndipo atamufunsa kuti tochi n'njachiyani kunja kutacha, anangomudutsa. M'chisakasa munali chete. Kupuma kuja kunalibe. Sitima inali pomwe anaisiya, ndipo kwa nthawi yoyamba mawaya sanamasuke. Mfundo inali gwa, monga anaimangira. Inafunika iye mwini.

Anasanja mabatire m'nsungwi. Anamasula mfundo ndi zala zake zopsa. Anagwada, nkhope pafupi ndi windo la bogi, n'kukayang'ana kamunthu ka chitenje. Anakatchula dzina, motsitsa, ngati akudzutsa munthu wogona. Kenaka anagunditsa mawaya.

Mota inalira bwinobwino, osanjenjemera, osalimbana ndi kanthu. Kababu kanayaka kuti ngwee, kuunikira m'mphanga. Mutu unalowa, bogi yoyamba inalowa, windo lija linadutsa pamaso pake pang'onopang'ono, n'kulowa.

Velina anali kukhitchini akukoleza moto pamene anamva mkuwo. Sunachokere kuchipinda. Anataya nkhuni, anaima pabwalo osadziwa kothamangira, kenaka anathamangira kwa mkulu wake n'kumupeza atagona chammbali, nkhope itamasuka, thupi litayamba kuzizira. Maliro a Esinta anayambira m'chisakasa. A m'nyumba anachita kumva kwa Lufeyo.